Makala Odzutsidwa

1. Kamtsinje ka buluu

Chaka cha 1990, nkhondo ya ku Mozambiki ili mkati, anthu a mudzi wina wa kufupi ndi Lungwena anatopa nako kamtsinje kawo, Nansenjere. Madzi ake anali atasanduka buluu ngati inki, ndipo ankanunkha ngati dzira lowola.

Gwero la vutolo silinali lobisika. Kumtunda kwa mudziwo kunali shedi ya malata imene linamanga bungwe lina lothandiza othawa nkhondo. M'menemo amayi makumi awiri ochokera ku Mozambiki ankanyika nsalu mu utoto, n'kumakazigulitsa ku Mangochi ndi m'mahotela a ku Makokola. Nsaluzo zinali zokongola, zimenezo palibe angatsutse. Koma madzi otsala m'migolo ankangowakhuthulira m'ngalande, ndipo ngalandeyo inkathira mu Nansenjere.

Mmodzi mwa amayiwo anali a Filomena, mayi ake a Lusia. Lusia anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa Sitandade 8, wamfupi, wosalankhulalankhula. Ntchito ya mayi akeyo ndiyo inatulutsa banja lawo ku msasa wa othawa nkhondo, n'kupeza kanyumba m'mudzimo ndi malo pasukulu. Shediyo itati itsekedwe, onse akanabwerera ku msasa, ndipo Lusia akanasiya sukulu mayeso atatsala miyezi itatu.

Lolemba lina masana, Lusia akuthandiza mayi ake kuyanika nsalu, khamu la anthu linafika pashedipo. Patsogolo panali Che Ajira, mayi wogulitsa usipa amene mawu ake ankamveka mpaka tsidya lina la msika. Anali atagwira dzanja kamwana kawo, ndipo miyendo ya kamwanako inali itasupuka.

"Taonani!" anakuwa Che Ajira. "Mwanayu anangowoloka basi. Kuwoloka kokha! Ife tinakulandirani, tinagawana nanu chinangwa chathu, malipiro ake ndi amenewa? Paja amati mlendo ndi mame, koma mame anuwa akutiwotcha."

Amayi a m'shedi anazyolika. Zilondazo zinkaoneka poyera.

Kenaka analankhula Shehe Jaffalie. Malo amene panali shediyo anali a mzikiti, bungwelo linangobwereka, choncho mawu a Shehe ndiwo anali omaliza.

"Ana anga," anatero mofatsa, "kuthawa nkhondo si tchimo, ndipo kugwira ntchito si tchimo. Koma ife tisanapemphere timatawaza. Timasamba m'manja, timachukucha m'kamwa, timasamba kumaso ndi kumapazi. Madzi otawazira ali ndi malamulo ake atatu: asasinthe mtundu, asasinthe fungo, asasinthe kakomedwe. Kuyambira nthawi ya agogo athu takhala tikutawaza mu Nansenjere. Lero nkhalamba zikuyenda mtunda wautali kukafuna madzi kunyanja, zina zikuphonya mapemphero a swala. Ndikukupatsani mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Tikatuluka mumzikiti ndidzabwera pano. Madzi otuluka m'shedi muno ndidzawayang'ana, ndidzawanunkhiza, ndidzawalawa ndi lilime langali. Akadzalephera, mudzazule malata anu."

Kapitawo wa shediyo, a Simioni, anali bambo wa m'tauni amene ankamanga tayi ngakhale dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo. Anaseka, n'kupukuta thukuta.

"Palibe vuto, a Shehe. Palibe vuto ngakhale pang'ono."

Mawu amenewa ankawanena pa chilichonse. Ngakhale tsiku lomwe mphepo inasasula denga la shediyo ananenanso omwewa.

2. Mawu a wakhungu

Bambo ake a Lusia, a Luciano, ankakhala pakhonde tsiku lonse akuluka mikeka. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Anthu odutsa ankangowapatsa moni wachisoni, osadziwa kuti munthuyu anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'fakitale ya shuga m'mbali mwa Zambezi.

Lusia atawafotokozera zimene zinachitika, iwo anasiya kuluka.

"Wati buluu? Ife kufakitale madzi a nzimbe ankabwera ofiirira ngati thobwa, koma shuga ankatuluka woyera mbee. Ukudziwa chimene chinkayeretsa? Makala."

"Makala akudawa, bambo?"

"Akudawa. Koma osati a pambaula ayi. Khala lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri ngati zisa za njuchi. M'makala ophikira timabowoto ndi totsekeka. Makala otero ali mtulo. Uyenera kuwadzutsa, timabowo titseguke. Akadzuka, utoto ukamadutsa umalowa m'timabowomo n'kukakamira momwemo, madzi n'kupitirira okha."

Lusia anasendera pafupi. "Ndiphunzitseni. Inu mukhale mutu, ine ndikhale maso ndi manja."

A Luciano anakankhira mkeka pambali. Kenaka anamugwira dzanja.

"Ndikuphunzitsa. Koma uyambe wamva izi, ndipo usadzati sindinanene. Choyamba, makala amakhuta. Ali ngati munthu. Timabowo tikadzaza, utoto umayamba kudutsa ngati palibe kanthu, ndiye uyenera kuchotsa akalewo n'kuika ena. Chachiwiri, makala safuna liwiro. Ukathira madzi mothamanga, angodutsa osasiya kanthu. Chachitatu ndiye chachikulu, tchera khutu. Makala amagwira mtundu, amagwira fungo, koma sagwira chilichonse. Amayi ako amasungunula utoto wawo ndi soda wowotcha uja. Soda ameneyo makala samuona n'komwe. Madzi atuluka oyera ngati a pachitsime, koma moto uli momwemo, ndipo moto umenewo ndi umene wasupula mwana wa Che Ajira. Kufakitale ndinaona mnzanga wina, Jeremiya, akusamba kumaso m'ngalande ya madzi oyera otero. Anati akuzizira bwino. Diso limodzi analisiya pomwepo. Madzi oyera ndi madzi abwino si chinthu chimodzi, mwana wanga. Maso amanama. Ine amene ndilibe maso ndikukuuza."

"Nanga sodayo tidzamutani?"

"Kufakitale kunali mankhwala ake ochokera kunja. Kuno sindikudziwa. Tiyambe ndi chimene tikuchidziwa."

3. Kudzutsa makala

A Luciano anati pamafunika chinthu cholimba, osati nkhuni wamba. Kumudziko kunalibe chochuluka kuposa milambe, choncho Lusia anayamba kutola zigoba za malambe. Akaweruka kusukulu ankazungulira pansi pa mitengo ndi thumba kumutu. Anzake ankamuseka.

"Lusia, ku Mozambiki mumadya zigoba zomwe?"

Iye ankangowerama n'kutola china.

Zigobazo anaziika mumgolo wovundikira, wa kabowo kamodzi pamwamba, n'kusonkha moto pansi mpaka utsi unaleka kutuluka. Zitazizira anazisinja mumtondo, osati mpaka ufa, koma tizidutswa ngati mphale. Kenaka mayi ake anakonza chidulo champhamvu cha phulusa la makoko a nthochi, chowirikiza katatu kuposa chophikira therere. Makalawo anagona m'chidulomo usana ndi usiku.

Ataumanso, Lusia anawatsekera m'zitini n'kuzikwirira pakati pa moto waukulu. A Luciano anakhala pafupi akufunsa.

"Chitini chafiira?"

"Chayamba, bambo."

"Chayamba si yankho. Chifiire ngati tsabola. Kupiza moto!"

Anakupiza mpaka mikono inachita dzanzi. Pomaliza anawatsuka makalawo kasanu ndi kawiri, kufikira madzi ake ataleka kuterera m'zala. Ntchito yonseyi inatenga masiku asanu ndi limodzi, ndipo zikhadabo za Lusia zinada moti aphunzitsi anamutuma kawiri kukasamba m'manja.

A Simioni anawapatsa migolo iwiri yakale, akuseka kuti wakhungu ndi mwana akufuna kuchita zimene zimafuna mainjiniya. Mgolo woyamba anauika pamwamba, pa nsanja ya njerwa. Umenewo unali wothiramo madzi a utoto kuti zinyalala zikhazikike pansi. Wachiwiri unali m'munsi, wokhala ndi mpopi. M'menemo Lusia anayala miyala, pamwamba pake mchenga, kenaka makala odzutsidwa aja mpaka kupitirira theka, n'kumaliza ndi mchenga wina. Kapaipi kakang'ono kankatsitsa madzi kuchoka kumtunda pang'onopang'ono.

Lachitatu anayesa. Anathira madzi a buluu, n'kudikira. Mpopi utayamba kudontha, amayi a m'shedi anasiya ntchito n'kuunjikana. Madzi anatuluka oyera, opanda fungo. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Koma Lusia anaviika zala m'chidebemo. Zinaterera ngati wagwira sopo.

Iye anali ndi njira yakeyake yoyesera, imene anaitulukira yekha. Tsiku lina akutsuka kapu imene munali madzi ofiira a maluwa a chidede, dontho la chidulo linagweramo, ndipo madzi ofiira aja anasanduka obiriwira. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi kabotolo ka chidede. Tsopano anathira pang'ono m'madzi oyera aja. Nthawi yomweyo anabiriwira ngati masamba a mpiru.

Anapita nawo kwa kapitawo. "A Simioni, mtundu wachoka, fungo lachoka, koma soda akadalimo. Shehe akalawa apsa m'kamwa."

A Simioni anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Ulendo uno sanaseke.

"Zimenezo undisiyire ine," anatero.

4. Mgolo wodzaza kale

Lachisanu Lusia anapempha kuti aweruke msanga. Atafika pashedi anapeza mgolo wapamwamba uli wodzaza kale, wovundikira bwino. Zinamudabwitsa, chifukwa kuthira madzi mumgolomo inali ntchito yake.

Anakwera pansanja n'kuvundukula. Madziwo anali a buluu ndithu, ndipo kafungo kankamveka. Koma ataviika zala sizinaterere. Anatsika, n'kutunga pang'ono pampopi, n'kuthiramo chidede. Chinakhala chofiira.

"Waona? Vuto latha."

Anali a Simioni, ataima kumbuyo kwake.

"Amenewa si madzi a m'migolo yathu," anatero Lusia.

"Tsitsa mawu. Ndi a pachitsime. Ndathiramo buluu wochapira malaya uja, ndi kapu imodzi ya enieni kuti fungo limveke. Shehe ayang'ana, anunkhiza, alawa, apita. Za soda tiziona pambuyo."

"Nanga mawa madzi enieni apita kuti?"

"Mawa ndi mawa." A Simioni anawerama mpaka nkhope yawo inayandikira ya Lusia. "Tamvera, mtsikana iwe. Ine shedi ino ikatsekedwa ndikwera basi, ndikapeza ntchito ina ku Zomba. Nanga iwe? Nanga amayi makumi awiriwa? Mubwerera ku msasa kukaima pamzere wa nandolo. Sukulu yako ithera pomwepo. Sindikukupempha kuti uname. Ungotsegula mpopi, pakamwa n'kutseka. Wamva?"

Anachoka akukonza tayi yawo.

A Filomena anali kuseri kwa nsalu zoyanika, ndipo anamva zonse. Lusia anawayang'ana. Mayiyo anali ndi mantha, atagwiritsa nsalu yoyanika ndi manja awo a buluu.

"Amayi, nditani?"

"Usandifunse ine, mwanangu," anatero motsitsa. "Ine ndikayankha, iyankha ndi njala. Ku msasa ndikukudziwa. Koma miyendo ya kamwana kaja ndinaionanso."

Anapita kukatenga amuna awo kunyumba, n'kumusiya Lusia ataima pafupi ndi mpopi.

5. Kapu ya Shehe

Dzuwa litapendeka pang'ono anthu anatuluka mumzikiti, amuna atavala mikanjo yoyera ndi zisoti. Anabwera ambiri kuposa tsiku loyamba lija. Ana asukulu anakwera m'mitengo. A Luciano anawakhazika pampando pafupi ndi migolo.

A Simioni analankhula mawu ambiri okhudza sayansi ndi chitukuko. Kenaka anavundukula mgolo wapamwamba kuti anthu aone buluu, n'kukodola Lusia. Iye anatsegula mpopi, n'kudzaza kapu yagalasi, n'kuipereka kwa Shehe ndi manja awiri.

Shehe Jaffalie anaikweza kudzuwa. "Mtundu palibe."

Anainunkhiza. "Fungo palibe."

Anati, "Bisimila," n'kuyamba kuiyandikiza pakamwa.

"A Shehe, dikirani."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma onse anamva. Lusia anagwada.

"Madzi amenewo mukhoza kumwa, sakupwetekani. Koma si a m'shedi muno. Ndi a pachitsime, tathiramo buluu wochapira. Enieni ali m'migolo mkatimo."

Nthawi yomweyo phokoso linabuka ngati msika. Che Ajira anamanga chitenje m'chiuno.

"Ndinanena ine! Akuba! Zulani malata lero lomwe!"

"Mwanayu wasokonezeka ndi dzuwa," anatero a Simioni, koma palibe anawamvera. Amayi ena a m'shedi anayamba kulira. Mmodzi anamulozera Lusia chala n'kunena kuti watipha.

Shehe anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete. Anathira madzi aja pansi.

"Ndiye kuti migolo yakoyi ndi yabodza?"

"Ayi, a Shehe. Migoloyi ndi yoona. Ndiloleni ndithire madzi enieni muone chimene imatha, ndiponso chimene siitha."

"Thira."

Anakhuthula madzi a chitsime aja amene anali mumgolo wapamwamba. Lusia ndi mayi ake anatunga zidebe zinayi mumgolo umene ananyikamo nsalu dzulo lake. Anali akuda bii ndi utoto, ndipo anthu oyandikira anagwira mphuno. Anawathira pamwamba, Lusia n'kutsegula kapaipi pang'ono chabe. Anataya zidebe ziwiri zoyamba, kuti pasakhale wonena kuti ndi otsalira a chitsime aja.

Kudikira kunatalika. Ena anayamba kung'ung'udza kuti mwanayo akungotaya nthawi. A Luciano anayankha osatembenuka: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale."

Kenaka Lusia anatchera kapu. Itadzaza anaikweza m'mwamba.

"Atuluka mtundu wanji?" anafunsa a Luciano.

"Oyera, bambo. Oyera mbee."

Nkhalambayo inagwedeza mutu, misozi ikutsika m'maso ake osaonawo. Anali asanamvepo kunyada kotere chiwolokereni malire. Anyamata amene ankamuseka Lusia pa zigoba za malambe anali m'mitengo kukamwa kuli yasa.

Shehe ananunkhiza. "Fungo palibe. Zodabwitsa!" Anatambasula dzanja kuti alawe, koma Lusia anabweza kapuyo.

"Awa ndiye musalawe. Muli soda wowotcha, makala samugwira. Taonani."

Anathira chidede m'kapu ya madzi a pachitsime, chinakhala chofiira. Anathira m'kapu ya madzi osefedwa, anabiriwira. Anthu anati, "Haa!"

"Ameneyu ndiye anasupula mwana wa Che Ajira," anatero Lusia. "Malamulo anu atatu aja, takwanitsa awiri. Lachitatu latikanika. Sindidziwa chochotsera soda, ndipo bambo anganso sadziwa."

Atatero anaika kapu ija pansi.

6. Chigamulo

Amene anayamba kulankhula anali Che Ajira. Anali atayandikira, akusuzumira m'kapu yobiriwirayo, nkhope ikadali yokwinya.

"Inu anthu a ku Mozambiki simuphika kodi? Chidulo chikachuluka m'ndiwo mumatani? Mumataya mphika? Si mumathira chowawasa?" Anatembenukira mwana wawo wamkulu. "Asiatu! Thamanga kunyumba, ukatenge matsukwa ndinaviika mphale aja. Usataye panjira!"

Matsukwa atafika, Lusia anadzaza theka la chidebe ndi madzi osefedwa, n'kuthiramo chidede. Che Ajira eni ake ndiwo ankathira matsukwawo pang'onopang'ono, akulongolola kuti ana a masiku ano amadziwa za m'mabuku zokha. Kubiriwira kuja kunayamba kuzilala. Madzi anasanduka otuwa, kenaka ofiirira. Lusia anaviika zala.

"Sakutereranso!"

"Nanga ndimati chiyani?" anatero Che Ajira, n'kubweza chidebe chawo ngati sizikuwakhudza. Koma aliyense anaona kuti akudzimva.

A Luciano anachenjeza kuti ngakhale atero, madziwo si akumwa, ndipo pafunika matsukwa ambiri tsiku ndi tsiku. Amayi a m'mudzi anaseka. Matsukwa? Chinthu chimene amataya kuseri kwa nyumba iliyonse?

Pamenepo Shehe Jaffalie anaimirira bwino, n'kutsamira ndodo yawo.

"Tamverani nonse, makamaka inu ana muli m'mitengo. Ine lero ndikanamwa madzi a pachitsime n'kuthokoza Mulungu. Ndikanauza anthu anga kuti bwererani ku Nansenjere. Mawa nkhalamba ikanachukucha m'kamwa ndi moto, ndipo mlandu ukanakhala pa lilime langa. Amene wandipulumutsa ndi mwana amene akanapindula ndi kupusitsidwa kwanga. Iye amadziwa kuti akalankhula sukulu yake ikhoza kutha. Walankhulabe. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo lero taona. Tsono chigamulo changa ndi ichi. Madzi awa sanakwanitse malamulo atatu, choncho mu Nansenjere salowanso, ngakhale dontho. Mukumbe dzenje kutali ndi kamtsinje, mulitchinge ndi minga ana asafikeko. Madzi azidutsa m'makala, muziwathira matsukwa, kenaka azipita m'dzenjemo. Ngalande ija muikwirire lero. Mukatero malata anu akhale. Koma Lachisanu lililonse, tisanalowe mumzikiti, mtsikanayu azibwera ndi kabotolo kake, aziyesa madzi ine ndikuona. Akadzati makala akhuta, ntchito iziima mpaka aikemo ena. Mawu a wina aliyense pa nkhani ya madzi sindidzawamva. Ndidzamva ake."

Nthungululu zinaphulika, za amayi a m'shedi ndi za amayi a m'mudzi pamodzi. Mayi amene anati watipha uja anabwera kudzamukumbatira Lusia, akupepesa ndi misozi. Anyamata anatsika m'mitengo n'kuthamangira makasu, ndipo ngalande inayamba kukwiriridwa anthu asanabalalike.

Lusia anagwira dzanja bambo ake kuti azipita, mayi ake akutsatira pambuyo. Iwo anayenda mutu uli m'mwamba, akuyankha moni wa anthu amene kale ankangowadutsa.

Asanafike pamsewu anamva belu la njinga. A Simioni anawatsekera njira. M'thumba la malaya awo munkaoneka envulopu.

"Wasangalala, eti?" anatero kwa Lusia. "Wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Shehe amalamula malo, koma olemba ntchito ndi kuchotsa ntchito muno ndine. Ndikupita ku ofesi ku Mangochi ndi lipoti ili. Lolemba akuluakulu a bungwe abwera. Ndalemba kuti pali banja limodzi losamvera, loyambitsa chisokonezo. Dzina loyamba m'kalatamu ndi la amayi ako."

Lusia anayang'ana mayi ake, akuyembekeza kuonanso mantha aja.

Koma a Filomena anapukuta manja awo a buluuwo pachitenje, n'kuyang'ana kapitawoyo m'maso.

"Pitani, a Simioni, dzuwa lisanakuthereni panjira. Koma dzinalo mukaliwerenge bwino pamaso pa akuluakuluwo, musakalakwitse. Mukati Filomena, mayi wake wa Lusia. Lolemba atipeza pompano."